Mabogi a sitima ya LEGO akumangolekana pokhota, kodi maginito amatha mphamvu?

Bambo a Tadala, Matawale

Moni nonse. Ndigawireniko nzeru. Alamu anga a ku Johannesburg anatibweretsera sitima ya LEGO pa Khirisimasi, yomwe ana awo anasiya kuseweretsa: mutu woyendera mabatire, mabogi atatu ndi njanji zozungulira. Mayi a kunyumba anawonjezera bogi lachinayi ndi kajumbo ka tizidutswa komwe anakapeza pa kaunjika mumsika wa Zomba. Poyamba zinkayenda bwinobwino. Pano ikangofika pokhota, mutu umapitirira wokha mabogi n'kutsala, kenako umazungulira n'kudzawagunda kumbuyo. Tadala ali ndi zaka 6. Koyamba amaseka, kachitatu ndi misozi. Denga la bogi limodzi nalonso silikugwira, kungolikhudza lagwa. Kodi maginito amatha ngati batire? Dzulo ndagula supa guluu, koma ndati ndiyambe ndafunsa.

Wamawailesi, Chinamwali

Achimwene, guluuyo kamatireni nsapato. Akalowa m'maginito ndiye mwapha zonse, chifukwa maginitowo amayenera kumatembenuka kuti mbali zokokana zipezane. Amasiyanso zoyererayerera pa pulasitiki zosachoka.

Maginito satha m'miyezi ingapo ayi. Chimene ndikukayikira ndi dothi. Mwana amaseweretsa kuti? Ngati ndi pakhonde kapena panja, yang'anitsitsani kumaso kwa maginito aliwonse. Mupeza timchenga takuda taima ngati ubweya. Ndi tizitsulo ta m'dothi timeneto, maginito amatitola okha. Mphamvu ya maginito imagwa msanga pakakhala mpata, ngakhale wochepa ngati chikhadabo, ndiye awiriwo akukhudzana pa mchenga m'malo mokhudzana okhaokha. Kupukuta ndi nsalu kumangotisuntha. Dindanipo selotepi n'kumatula, kangapo, mpaka izibwera yoyera.

Mukatero gwedezani bogi pafupi ndi khutu. LEGO zatsopano maginito ake anawatsekera m'kabokosi ka pulasitiki poopa kuti ana angameze, ndipo mkatimo muzimveka kuti kwechekweche. Zakale, monga za 9V (zoyendera magetsi a mavoti 9) zomwe zinayamba mu 1991 zija za njanji zokutidwa ndi chitsulo, maginito ake ndi akuda obulungira, ali poyera, ndipo azitembenuka mukawakankha ndi chala. Akauma, sukusani ndi mswachi wakale.

Koma kwenikweni onani mawilo. Ikani bogi lililonse palokha panjanji, mulikankhe pang'ono ndi chala. Labwino limathamanga kamtunda. Lomwe laima pompo, litembenuzeni. Tsitsi, ulusi, makamaka mesh ya amayi, zimakulungika pa kachitsulo ka mawilo. Tokosolani ndi singano. Bogi limodzi lolimba mawilo limakoka ngati mabogi atatu, ndipo pokhota m'pamene kukhulana kumachuluka, n'chifukwa chake ikudukira pamenepo.

Mayi a Pilirani, Sadzi

Zadengazo ine zinandionekerapo. Bambo, khuthulani kajumbo ka kaunjikako patebulo muone timitu tobulungira ta pamwamba pa tizidutswato. Teniteni timalembedwa LEGO pa kamutu kalikonse, tizilembo tating'ono. Topanda dzina ndi ta makampani ena. Kukula kwake n'kofanana, mamilimita 8 kuchoka pakati pa kamutu kufika pakati pa kanzake, ndiye timalowana ndithu, koma tina timagwira mofooka pomwe tina timalimba mpaka kuchita kumatula ndi mano. Kwathu ndinatipatula m'zitini ziwiri. Tosadziwikato amamangira nyumba ndi mipanda, sitilowa m'sitima.

Ngati denga ndi lenileni, liunikeni ndi tochi ya foni kunsi kwake. Likakhala ndi mng'alu, basi, sinthani ndi lina. Apo ayi ndi litsiro chabe, mafuta a zitumbuwa ndi fumbi. Tsukani m'beseni ndi sopo pang'ono, madzi ofunda osapitirira madigiri 40, muyanike pamthunzi. Ine ndinayanika pa lata mwezi wa Okutobala, tina tinapindika. Mutu wa mabatire usayandikire madzi.

Kamba_wa_Chikanda

Njira yachidule: pezani timaginito tating'ono tonyezimira tija ta m'mahedifoni akufa, muike kamodzi pakati pa mabogi. Siidukanso. Komanso bogi lolemera lizikhala pafupi ndi mutu, lopepuka kumapeto, ndipo musaidzidzimutse ndi liwiro lonse poyamba.

Mayi a Pilirani, Sadzi

Za bogi lolemerazo ndikuvomereza, koma timaginitoto ayi, achimwene, m'nyumba muli mwana. Mwana akameza tiwiri timakokana matumbo ali pakati, timaboola, ndipo imakhala ya opaleshoni. Simwamva kuti kampaniyo inachita kuwatsekera dala? Ngati maginito ake ndi otsekerawo, pamwamba pake pali kamutu. Tengani kachidutswa kopyapyala ka mabowo awiri mudinikize pa timitu tiwirito, kagwire uku ndi uku. Mabogi samalekananso, kungoti mwana sangawadule ndi dzanja limodzi ngati kale.

Bambo a Tadala, Matawale

Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Magetsi atazima usiku ndinakhala pansi ndi tochi kukamwa. A Wamawailesi, ngati munalipo. Selotepi inatuluka yakuda bii, ndipo Tadala waulula kuti ankakanyamulira mchenga kuseri kwa bafa, ati akutengera sitima ya malasha yomwe tinaiona ikuwoloka Shire pa Liwonde. Mlandu waukulu unali pa bogi la kaunjika. Ndachotsamo mesh yotalika ngati mkono wanga, ndipo mayi ake akukana kuti si yawo. Dengalo linalibe dzina la LEGO, ndasintha.

Ndapezanso china chomwe simunatchule. Simenti ya pabalaza pathu ili ndi kachitunda pafupi ndi chitseko, ndiye njanji ziwiri sizinkakumana bwino, mutu ukakwera maginito ankasemphana. Ndayala katoni ya firiji pansi, zidutswa zokhota zonse 16 zagona mofanana. Pano yazungulira maulendo 30 ndi mabogi anayi osaduka, ndipo ndaleka kuwerenga mabatire atafooka. A Wamawailesi, ochajidwa aja angagwire m'mutu umenewu? Awa a m'golosale andimaliza.