Katondo ndi mchenga: manyowa amathera kuti?

Mlimi wa ku Lunzu:
Akuluakulu, ndimathira manyowa ofanana m'minda iwiri, koma pamchenga mphamvu yake imatha chaka chomwecho, pomwe pakatondo nthaka imakhalabe yachonde. Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani?

Mphunzitsi wa ku Chileka:
Bambo, timibulu ta dongo n'tating'ono kwambiri, tosapitirira mamaikulomita 2 (milimita imodzi ili ndi mamaikulomita 1,000), choncho tili ndi malo ambiri omatirirapo kaboni, chinthu chopezeka m'manyowa ndi m'zomera zowola chimene chimathandiza nthaka kukhala yachonde. Kufiira kwa katondo kumabwera ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo dzimbirilo limagwira kaboniyo mwamphamvu moti tizilombo tosaoneka ndi maso timavutika kumudya. Mchenga ulibe pogwirira, n'chifukwa chake manyowa amaola msanga, kaboni n'kuuluka ngati mpweya.

Mayi wa ku Chigumula:
Aphunzitsi anena zoona, koma dongo limathanso kumutaya. Tikamagumula mizere chaka ndi chaka, timaphwanya zibuma zimene zimabisa kaboniyo, mpweya umalowa, tizilombo n'kumudya. Zimandiwawa kuona mapesi akutenthedwa mu Okutobala, pamene akanaphimbira nthaka.

Mphunzitsi wa ku Chileka:
Indedi, mayi. Ngakhale kudambo, madzi akaima nthawi yaitali, dzimbiri lija limasungunuka ndipo kaboni amene linagwira amamasuka.