Gemu ija ndaipeza, ndi Dangerous Dave

Sabata yatha ndinafunsa za gemu yomwe ndinkasewera ndili mwana, ya kamnyamata kovala chipewa chofiira, kotola miyala yonyezimira n'kumalumpha moto ndi madzi. Dzina ndinali nditaliiwaliratu. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndi Dangerous Dave, yopangidwa ndi John Romero, yomwe inatuluka mu 1990 pa DOS, pulogalamu yakale yoyendetsera makompyuta.

Dzulo ndinaitsegula ndi DOSBox, pulogalamu yotsegulira magemu a DOS pa makompyuta amakono, ndipo inayenda bwinobwino. Nditangomva kaphokoso kaja kotolera chikho, mtima unangoti myaa, ngati ndabwerera pa kompyuta yakale ija. Zala zinakumbukira zokha kuti pachitseko sudutsa usanatenge chikhocho. Jetpack yokha, kachipangizo kobereka kumsana komwe kamnyamatako kamaulukira, ndiyo ikundivutabe monga kale, mafuta amatha ndili m'malere. Mwa magawo 10, ndafika pachinayi. Usiku uno ndiyesanso.