Tisamukire kuti ndi ana ang'onoang'ono, mzinda waukulu kapena katauni?

MayiWaAwiri:
Moni nonse, pepani ndilemba zambiri koma mutu waima. Bambo a kunyumba awauza ku ntchito kuti ofesi yawo ikutsekedwa kumapeto kwa chaka ndiye asankhe okha pakati pa malo awiri. Kwina ndi mzinda waukulu, kumeneko salale ikwera ndithu komanso ine mwina ndingapezeko kantchito ka zomwe ndinaphunzira, kwina ndi katauni kakang'ono, ndalama ikhala yomweyi koma nyumba ndi zotchipa ndipo achemwali anga aakulu amakhala chapafupi, ola limodzi pa basi. Ana tili nawo awiri, wamkulu ali ndi zaka 5 akuyenera kuyamba sukulu chaka chamawa, wamng'ono miyezi 7. Abambo mtima uli ku mzinda basi akungowerenga ndalama, ine ndikangoganiza za lendi ndi kusiya khanda m'manja mwa munthu wosamudziwa tulo osabwera. Amene munasamukapo ndi ana munayang'ana chani kwenikweni? Sindikufuna ndidzalire ndili kale mkati.

Wakumaliresiti:
Mayi, auzeni abambowo atenge pepala ndi cholembera, asamangoyang'ana salale yomwe yalembedwa pa kalata. Ndalama yeniyeni ndi yomwe imatsala mukachotsa lendi, transipoti ya tsiku ndi tsiku, madzi, magetsi, nazale kapena wolera mwana. Ine ndinapusitsika choncho, anandiwonjezera ndithu ine kusangalala, kufika kumeneko landilodi akufuna miyezi itatu pamodzi ndi dipoziti, ndalama yonse yowonjezerayo inathera pa nyumba ndipo ndinayamba ndi ngongole. Lendi ikamadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe mumapeza dziwani kuti muzikangana mnyumba pakati pa mwezi. Nyumba yotchipa mu mzinda imapezeka inde koma imakhala kutali, ndiye zomwe mwapulumutsa pa lendi mukazipereka pa msewu.

Namwino_usiku:
Ine ndiyankhula ngati munthu amene amagwira ntchito ku wodi ya ana. Funso loyamba likhale ili, mwana akatentha thupi 2 koloko usiku mufika pa chipatala patatha mphindi zingati, ndipo mufika pa chani? Osati masana ayi, usiku, galimoto zonyamula anthu zitasiya kuyenda, mvula ikugwa. Chifukwa ana sadwala pa nthawi ya ofesi amenewa. Ndawonapo makolo ambiri akufika mbandakucha mwana atafooka kale ndi kutsekula m'mimba, osati chifukwa sanasamale koma panalibe chokwera. Mwana wamng'ono madzi amatha msanga m'thupi, maola ochepa okha zinthu zasintha.

Ndiye musangofunsa kuti chipatala chilipo, paliponse adzakuuzani kuti chilipo. Funsani ngati chimatsegula usiku, ngati amagoneka ana, ndipo zikavuta amatumiza kuti komanso ndi mtunda wautali bwanji. Khanda lanulo katemera wa masabata 6, 10 ndi 14 ndikhulupirira analandira, watsala wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri akadutsa chaka, ndiye pa kusamuka apa ndi pomwe ambiri amaphonya, buku la kusikelo limalowa mu katoni ya mapoto osadzapezekanso. Liikeni mu chikwama chanu cha m'manja.

China chomwe anthu sachiganizira ndi malo omwe tauniyo ili. Kukakhala kotsika, kotentha, kwa madambo, udzudzu umachuluka ndipo malungo amapweteka kwambiri ana osakwana zaka 5, ana anu onse ali pa msinkhu umenewo kapena pafupi. Kokwera kumazizirako, pa mamita 1000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, koma sikuti neti muiponye ayi.

Chingambwe77:
Aaa inu musamuopseze munthu, mukuyankhula ngati ku tauni yaing'ono kulibe ana omwe akukula bwinobwino. Komanso ine ndiima ndi abambowo. Ana akukula, pano mukuganiza za matewera koma zaka zikubwerazi mudzafuna sukulu zabwino, ndipo mayi mwanena nokha kuti mukufuna ntchito. Ku katauni ntchito ya abambo ikangotha mwagwa nonse, kulibe kwina kokagogoda. Mu mzinda munthu umavutika koma makomo ndi ambiri.

Namwino_usiku:
Achimwene werenganinso, sindinanene kuti katauni ndi koipa. Mu mzinda momwemo munthu utha kukhala kutali ndi chipatala kuposa wa ku katauni, jamu yokha ya m'mawa ambulansi imaima. Ndangoti ayeze mphindi basi.

Agogo_a_Mapasa:
Mwanangu, ine ndasamuka kanayi ndi ana chifukwa cha ntchito ya malemu amuna anga, ndiye ndikuuze zomwe palibe anandiuza. Mawu aja walemba mongodutsa akuti achemwali ako ali pafupi, amenewo ndi aakulu kuposa mmene ukuganizira. Tsiku lomwe iwe wadwala, abambo ali ku ntchito, wamkulu akufunika kukamutenga ku sukulu, wamng'ono akulira, ndalama siidzabwera kudzakunyamulira mwana. Komwe tinasamukira kachiwiri tinali ndi nyumba yabwino kwambiri, ya mpanda, koma ndinatha chaka chathunthu osadziwa ndi dzina la neba yemwe, ndinkalira masana ndekha ana akagona ndipo amuna anga sankamvetsa chifukwa iwo anali ndi anzawo ku ofesi. Amene amasamuka ndi ntchito amapeza anthu tsiku loyamba, wotsala pakhomo ndiye amayambira pa ziro.

Koma usandimve molakwa, achemwali akowo uwafunse kaye, usangowawerengera. Nawonso ali ndi banja lawo, ndipo ola limodzi pa basi si pakhomo.

Zina zomwe ndinaphunzira mochedwa, usasankhe malo pa zithunzi kapena pa mawu a munthu amene akufuna kukubwereketsa nyumba. Pita wekha ukagoneko masiku awiri atatu, mkati mwa sabata osati Lamlungu pomwe paliponse pamaoneka bata. Dzuka m'mawa uyende wapansi kuchoka pa nyumbayo kukafika pa sukulu, koma uyende ngati mwana wa zaka 6, uwone ngati pali msewu waukulu wowoloka kapena mtsinje wopanda mlatho. Tsegula mpopi m'mawa ndi madzulo. Yang'ana m'munsi mwa makoma, ngati pali mzere wa matope kapena penti yatsopano kumunsi kokha dziwa kuti madzi amalowa nthawi ya mvula. Ndipo ucheze ndi amayi omwe ali ndi ana pa mzere umenewo, iwowo sabisa, adzakuuza mpaka kalasi yomwe ana amakhala ochuluka mopitirira.

Wakumaliresiti:
Agogo anena zoona pa za kuyenda. Ndiwonjezere kamasamu kena, ngati abambo azitha ola ndi theka kupita ndi ola ndi theka kubwera, amenewo ndi maola 15 pa sabata, pa mwezi amadutsa 60. Adzichoka ana ali mtulo kubwera ali mtulo. Ine mwana wanga woyamba anafika pomandithawa Loweruka ngati mlendo, zinandiwawa kuposa ngongole ija.

Chingambwe77:
Apo ndavomera pang'ono. Komabe mufunse ku ntchitoko ngati mukasankha katauni mwayi wodzapita ku mzinda udzakhalapobe patsogolo, chifukwa ena ukangokana kamodzi amakuiwala. Ngati khomo likhale lotsegula bola kuyamba kwakung'ono mpaka khandalo liyambe kuyenda.

MayiWaAwiri:
Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera abambo zonsezi dzulo usiku, poyamba amaseka kuti ndakasuma pa intaneti koma titafika pa za maola 60 aja anangoti zii. Tawerengera pa pepala monga munanenera, zomwe zikutsala ku mzinda ndi zochulukirapo pang'ono chabe, pokhapokha nditapeza ntchito ine, ndipo imeneyo palibe wandilonjeza. Achemwali ndawaimbira akuti tibwere tidzaone tokha, ndiye sabata yamawa Lachiwiri tikupita kukagona kumeneko ndi khanda, wamkulu atsala ndi apongozi. Ku mzinda abambo apita okha kaye akayese ulendo wa m'mawa kuchokera komwe nyumba tingakwanitse. A Namwino, ngati tasamuka mwana asanakwane miyezi 9, katemerayo akamubaya kwatsopanoko popanda vuto eti?

Namwino_usiku:
Eya palibe vuto, ingonyamulani bukulo, akaona zomwe analandira kale ndi kupitiriza pomwepo. Mukafika mufunsiretu tsiku lomwe amapanga sikelo chifukwa malo ena si tsiku lililonse.