Muwawani wanga wachita chuku, ndithandizeni msanga

Mai a ku Mpondasi: Akuluakulu ndatopa nazo. Sabata yatha ndinakwera ku Chowe kukasenda muwawani thumba lathunthu ndi mizu ya naphini pang'ono. Ndayanika pamkeka pakhonde, mvula osakata masiku 4. Lero potembenuza ndapeza mkati mwa makungwa muli chuku chobiriwira, fungo ngati chimanga chodonthera m'nkhokwe. Odwala m'mimba andidikira Loweruka pamsika. Ndipale n'kusinja kapena bwanji?

Che Namwera: Ikani pansanja ya kukhitchini, utsi ugwire masiku 3. Mlamba timawamba, khungwa lilekerenji?

Anganga a ku Malindi: Mwanangu tayani. Chuku chimalowa mkati, mpeni umangochotsa chooneka ndi maso. Alangizi aja samatiletsera pachabe mtedza wachuku, chimawononga chiwindi. Ndiye munthu abwere ndi m'mimba, inu mum'patse china?

Che Namwera: Anganga, mtedza ndi wamafuta, muwawani ngowawa. Utsi basi.

Bambo wa gondolosi: Ine chaka china gondolosi anandiwolera chonchi chifukwa ndinamanga mujumbo akadali wamuwisi. Ndinataya yense, ndalama ya kabaza osabwerera. Pano ndimadula tizidutswa ngati chala, kuyanika pathandala mphepo izipita pansi. Pamkeka pansi ayi, kuno kunyanja chinyontho n'chambiri.

Anganga a ku Malindi: Komanso thumba lathunthu mwasenda mitengo ingati? Mukazunguliza tsinde lonse mtengo umauma. Ife tinkasenda mbali imodzi, n'kumata dothi pabalapo. Ku Namizimu muwawani wapafupi ndi njira watha chifukwa cha kusenda kotereku, kuphatikiza amakala. Ndipo muja ndi m'nkhalango yotetezedwa, a zankhalango akakupezani mulibe chilolezo thumba limatsala komweko.

Mai a ku Mpondasi: Inali itatu anganga, pamunda wa achimwene. Sindinazungulize.

Mphwanu wa pa M'baluku: Bola munasenda nokha. Ine ndinagulapo makungwa ouma kale kwa mnyamata wina, ati muwawani. Ndikusankha ndinapezamo zidutswa zofiirira zachilendo, malume kungonunkhiza anati mwabvi uwu. Thukuta linandituluka. Mwabvi ndi poizoni, lamulo la za ufiti la 1911 linaletseratu kumwetsa anthu. Khungwa likauma, n'kusinjidwa, palibe angasiyanitse.

Che Namwera: Nanga zikukhudzana bwanji ndi chuku? Ine zaka zonsezi ndimawamba, palibe anabwerako kudzadandaula.

Bambo wa gondolosi: Che Namwera, mwina amene akanadandaulawo anakathera kuchipatala, kwa inu abwererenjinso? Mai, ino ndi nyengo ya malungo, ambiri Lowerukalo adzafuna muwawani wa thupi kutentha. Akakhala mwana kapena mayi woyembekezera musam'patse, akayezetse alandire mankhwala akuchipatala. Amene ali pa ma ARV muziwafunsa kaye, asasiye kumwa.

Che Namwera: Nkhuni zake zikhale za mtondo, utsi wake ngwabwino.

Mai a ku Mpondasi: Nanga naphini uja? Iye chuku sichinaoneke koma anali pamkeka womwewo.