Kodi "celicnon" pa mwala wa ku Alise-Sainte-Reine ndi nyumba kapena nsanja?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Mu 1839 ku Alise-Sainte-Reine, ku France, pamene panali mudzi wakale wa Alesia, kunapezeka mwala wolembedwa m'chinenero cha Gaulish, cha Aselti akale a m'dzikolo, motere: MARTIALIS DANNOTALI IEVRV VCVETE SOSIN CELICNON ETIC GOBEDBI DVGIIONTIIO VCVETIN IN ALISIIA. Zoti Martialis mwana wa Dannotalos anapereka chinachake kwa mulungu Ucuetis sizikuvuta. Koma celicnon imene anaperekayo n'chiyani? Ena akuti nyumba, ena akuti nsanja. Matanthauzo awiriwa achokera kuti?

Mwale: Mayi Nabanda, musanayang'ane zinenero zina, yambani mwaona pamene liwulo lakhala m'chiganizo. Ikani mwalawu pambali pa wa ku Vaison-la-Romaine, wolembedwa ndi zilembo za Chigiriki. Pamenepo Segomaros, nzika ya ku Nîmes, akuti "eiorou Belesami sosin nemeton". Kayalidwe kake n'kamodzimodzi: dzina la wopereka, mneni ieuru (pa mwala wa ku Vaison ndi eiorou) amene amapezeka pa miyala yambiri ya zopereka, dzina la mulungu, sosin kutanthauza "ichi", kenako chinthucho. Nemeton timalidziwa, ndi malo opatulika, ndipo m'Chiairishi chakale, chomwenso ndi chinenero cha Aselti, lilimo ngati nemed. Ndiye celicnon ndi chinthu chimene munthu woimirira pamwalapo akanatha kuchiloza ndi chala. Chiganizocho chimatifikitsa pomwepo basi.

Chisale: Nsanjayo yachokera kwa Agoth, mtundu wakale wa Chijeremani. M'Baibulo limene bishopu wawo Wulfila anamasulira m'Chigothiki m'zaka za m'ma 300 muli liwu lakuti kelikn. Pa Marko 12:1 ndi pa Luka 14:28 likuimira liwu la Chigiriki lakuti pyrgos, nsanja. Pa Marko 14:15 likuimira chipinda chapamwamba chimene anakonzamo Pasika. Poti Chigiriki chake tili nacho, apa palibe kulota.

Anabwereka ndani kwa mnzake? Mvetserani k woyambirirayo. M'zinenero za Chijeremani, k wakale wa makolo anasanduka h: 100 ndi centum m'Chilatini, cant m'Chiwelishi (chinenero cha Aselti), koma hund m'Chigothiki. Liwuli likanakhala lawolawo la Agoth, lochokera muzu umodzi ndi celicnon, bwenzi likuyamba ndi h. Poti k alipobe, akatswiri ambiri amati linalowa kuchokera kwa Aselti kusinthako kutachitika kale. Chenjezo langa ndi ili: liwu lobwereka limasintha tanthauzo m'njira, ndipo pakati pa mwalawu ndi Wulfila pali zaka pafupifupi 300. Amene amangokopera "nsanja" n'kulemba ngati tanthauzo la Chigaulish walumpha mpata waukulu.

Nyirenda: Onjezeranipo zimene nthaka inatulutsa. Ofukula ku Alesia anapeza chinyumba chokhala ndi bwalo komanso chipinda chapansi, ndipo mu 1908 munatuluka mtsuko wa mkuwa wolembedwa m'Chilatini kuti waperekedwa kwa Ucuetis ndi Bergusia. Tsopano onani gobedbi: m'Chiairishi chakale wosula zitsulo ndi gobae, m'Chiwelishi ndi gof. Choncho malowa anali a osula, ndipo tanthauzo lakuti "nyumba yosanja, yokumaniramo ndi kudyeramo" likugwirizana ndi chipinda chapamwamba cha kwa Marko kuposa nsanja ya alonda.

Pa gobedbi pomwepo ambiri amapunthwa. Amamasulira "kwa osula", koma pa mwala wina wa ku Nîmes "kwa amayi" ndi matrebo, lothera ndi -bo. Lathuli lathera ndi -bi, ndiye ena amawerenga "pamodzi ndi osula". Kachilembo kamodzi kokha kakusankha ngati osulawo analandira nyumbayo kapena anasonkha nawo.

Nabanda: Zikomo bambo Nyirenda. Nanga celicnu amene anakandidwa pa chikho chadothi cha ku Banassac, ku France komweko? Chikho si nyumba.

Chisale: Mwagunda pamene pali chilonda, mayi. Pachikhopo liwulo lathera ndi -u, ndipo akatswiri sanagwirizane za chiganizo chonsecho. Wina akhoza kumva "m'chipinda chodyera", wina n'kuganiza kuti ndi dzina la chiwiyacho. Ine ndili kumbali ya chipinda, chifukwa chikho chomwera chikhoza kutchula malo omwera, pamene mwala wolemera wa ku Alise sungakhale chikumbutso cha kapu.

Mwale: Ngati mukulemba mndandanda wa mawu, chitani motere. Lembani celicnon popanda kanyenyezi kutsogolo, pakuti kanyenyezi ndi ka mawu ongopanganso poyerekeza zinenero, pamene ili likuwerengeka pa mwala. Ikani nambala yake ya m'kaundula wa zolembedwa za Chigaulish, RIG L-13, ndi ya ku Vaison, G-153, kuti wowerenga akadzionere yekha. Patanthauzo lembani "chomangidwa, mwina chosanja". Kelikn mumuike pamzere wakewake ndi mavesi atatu aja, ndipo Banassac pamzere winanso wokhala ndi chizindikiro cha funso.