Masensa a mpweya pa matayala a ngolo: mavalavu a labala angapirire?

Akuluakulu amene mumanyamula katundu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita kumudzi, ndithandizeni nzeru.

Ndili ndi ngolo ya matayala anayi yomwe ndimakoka ndi bakkie (pikapu) kudzera pa N1, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Vuto la ngolo mukulidziwa. Tayala likamaphwa pang'onopang'ono simumva kanthu pa chiwongolero, mumangodzidzimuka litatentha n'kuphulika, makamaka ndi dzuwa la ku Musina ndi ku Tete lija. Ndiye ndikufuna kugula timasensa tomangira pa valavu m'malo mwa kachivundikiro, tija timaonetsa mpweya ndi kutentha kwa tayala lililonse pa kasikirini ka kutsogolo.

Chikundidetsa nkhawa ndi mavalavu. Anga ndi a labala, ndipo nditapinda imodzi ndi chala ndinaona timing'alu m'tsinde mwake. Makaniko wina wandiuza kuti kasensako, ngakhale n'kopepuka, kamagwedeza valavu tayala likamazungulira mpaka labala kuduka, choncho ndiyambe ndaikitsa achitsulo omanga ndi nati. Amene munayendapo nato, n'zoona zimenezi? Nanga kasensa ka mkuwa pa valavu ya aluminiyamu sizimamatirirana ndi dzimbiri?

Chinanso, signal imafika bwinobwino kuchokera kumatayala akumbuyo ngolo itadzaza, kapena pamafunika repeater, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya signal? Alamu mumaiika pa mabar (muyezo wa mpweya wa m'tayala) angati, poti mpweya umakwera tayala likatentha? Ine ndimayeza m'mamawa galimoto isanayende.

Ngati mukudziwa koikitsa mavalavu achitsulo pamtengo wabwino cha ku City Deep kapena Fordsburg, ndilozereni chonde. Ndikunyamuka mu Disembala.