Chingwe cha mamita 10 cha galu: ndigule kapena ndingotenga cha mbuzi?

Bambo a Tadala (Ulongwe): Odi m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani ya galu wanga uja, Zilipano. Wakwanitsa miyezi 8 ndipo wayamba kugontha dala. Pakhomo ndikamuitana amabwera mchira uli gwedegwede, koma tikangotuluka pageti n'kuona nkhuku, basi dzina lake waliiwala. Lachiwiri lapitali wapha tambala wa aneba, ndalipira ndalama, manyazi n'kutsala nawo. Ndiye pali mnyamata amene amabweretsa katundu kuchokera ku Tete, wandionetsa chingwe chophunzitsira agalu. N'chachitali mamita 10, chafulati ngati lamba, chokutidwa ndi pulasitiki, kumapeto kuli kangowe kachitsulo. Akuti 1,500 metikali. Ndigule, kapena ndikungofuna kumwaza ndalama ya feteleza?

aPhiri a ku Domwe: 1,500 chingwe chokha? Mwana wanga, mbuzi zanga zonse zimagona pa chingwe cha khonje ndipo palibe inadandaulapo. Ife tinakula tikusaka akalulu ndi agalu asanu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anavalapo chingwe. Galu akagwira nkhuku mumamumangirira yakufayo m'khosi masiku awiri, amasiya yekha.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Atsibweni, tambalayo eni ake anamutenga n'kukaphika. Ndimumangirira chiyani?

Lusia (Moatize): Agogo, njira imeneyo wanga ndinamuyesa. Anadya nkhukuyo ili m'khosi momwemo, n'kuganiza kuti ndamupatsa kamba wa paulendo.
Achimwene, ine chingwe chachitali ndili nacho chaka chachiwiri tsopano, ndipo chinandithandiza. Koma mumve kaye ntchito yake. Si choyendera naye mumsewu ngati chachifupi chija, ayi. N'chophunzitsira kuti galu azibwera mukamuitana ali patali. Iye amaona ngati wamasuka, amanunkhiza apa ndi apo, koma akafuna kuthamangira nkhuku amapeza kuti sizitheka. Vuto la Zilipano n'loti nthawi iliyonse akathamangitsa nkhuku amasangalala, ndiye khalidwelo likukhazikika. Chingwe chimadula chisangalalo chimenecho.

Zeka wa njinga yamoto: Bwanji osagula chija chokhala ndi chogwirira cha pulasitiki, chimatuluka n'kubwerera chokha ngati tepi ya amisiri? Ndimawaona nacho azungu ku Tete m'mbali mwa Zambezi.

Lusia (Moatize): Chimenecho n'china. Chimakhala chokungika nthawi zonse, ndiye galu amaphunzira kuti akakoka ndi pamene amapita patsogolo. Pamene chachitalichi chimayenera kukhwekhwereka pansi, cholendewera, galu mpaka kuiwala kuti chilipo.

aPhiri a ku Domwe: Chabwino, ndamva. Nanga cha nayiloni cha pamsika chalakwa chiyani? Ku Lizulu amadula mamita amene ukufuna, chenji n'kugula kabichi.

Lusia (Moatize): Ndinayambira chomwecho, agogo, chija chabuluu chopota choyanikira zovala. Tsiku lina m'mawa tili pabwalo la mpira, ine maso ali pafoni, mbuzi inadutsa. Ndinangomva fyuu m'manja. Chingwe chinathamanga pakati pa zala n'kusupula khungu la zala ziwiri, poyera pa nyama kuoneka, magazi osatuluka kaye chifukwa papsa ngati ndagwira mbaula. Chotsalacho chinandikulunga kuseri kwa bondo n'kundigwetsa chagada ana asukulu akuona. Sabata yathunthu nsima ndimadya ndi supuni. Chipsera chilipo mpaka lero. Chafulati sichidula choncho, ngakhale nachonso chimaotcha ukachigwira mosasamala.

Aphunzitsi aBanda (Furancungo): Zimene akunena alongo athuwa zili ndi masamu ake. Galu akakhala mamita 10 kumanzere kwanu n'kuyamba kuthamangira kumanja, ali ndi mamita 20 oti atole liwiro chingwe chisanakungike. Pofika kumapeto ali pa liwiro lake lonse, ndipo mphamvu yonseyo imathera malo awiri: dzanja lanu ndi pamene mwakoloweka ngowe. Ngati mwakoloweka pa lamba wa m'khosi, ndiye kuti imathera pam'mero ndi pa mafupa a khosi. Galu amatha kutembenuzika mlengalenga n'kugwa chagada. N'chifukwa chake chingwe chachitali chimayendera limodzi ndi lamba wa pachifuwa, wokhala ndi mphete pamsana. Musawerengere mtengo wa chingwe chokha, Bambo a Tadala. Muli naye lamba ameneyo?

Bambo a Tadala (Ulongwe): Ayi aphunzitsi, ali ndi wa m'khosi basi, ndinachita kudula lamba wanga wakale wa thalauza. Ndiye ndalama ikukwera tsopano.

aNambewe (Tsangano): Isakwere. Pitani kwa amakaniko amene amaphwasula magalimoto akutha, muwapemphe malamba a pampando aja. Ndi olimba kuposa chilichonse chimene mungagule m'sitolo. Telala wosoka zikwama kapena nsapato amasoka lamba wa pachifuwa mukangomuonetsa chithunzi ndi kumupatsa muyezo wa chifuwa cha galu. Wanga ndinatero. Musiye mpata wolowa zala ziwiri, komanso mukumbukire kuti wa miyezi 8 akukulabe.
Koma chingwe chenichenicho, ine ndili mbali ya chapulasitikicho. Ndinasoketsa cha nsalu yolukidwa, ndinkati ndachenjera. Kuno kwathu mame amakhala mpaka dzuwa kukwera, mvula ikayamba ndiye matope okhaokha. Chimamwa madzi, chimalemera, fungo lake ngati chiguduli cha kukhitchini. Ikafika nthawi ya chisoso ndiye mumalira: mamita onse aja amabwera atamera ndevu zakuda, mumakhala pakhonde ola lathunthu kuzula kamodzikamodzi. Ndipo tsiku lina chinadutsa pa chitedze ine osadziwa, n'kuchikulunga pamkono. Sindinena zambiri. Chapulasitiki mumangopukuta ndi kansanza, mwatha.

Zeka wa njinga yamoto: Chitedze 😂 pepani amayi.

Aphunzitsi aBanda (Furancungo): Chingwe chapulasitikicho ngati n'chenicheni dzina lake ndi BioThane, mkati muli lamba wolukidwa, kunja pulasitiki. Zofanizira nazo ziliko zambiri. Chipindeni mwamphamvu pamaso pa wogulitsayo, chikayera kapena kuonetsa ming'alu chisiyeni. Koma chimene chimathyoka msanga si chingwe, ndi kangowe. Muone kuti kamazungulira pamene kalumikizana ndi chingwe, apo ayi chingwe chizipotana, ndipo kasipuling'i kake kakhale kolimba.

aPhiri a ku Domwe: Ine ndikadali pomwepo. Mugula chingwe chodula, mawa mupita kumunda, mumumangirira pamtengo wa pichesi. Ndiye chasiyana pati ndi cha mbuzi?

Lusia (Moatize): Apo pokha agogo mwalasa. Ngati cholinga n'chomangirira, musagule. Galu wosiyidwa yekha pa mamita 10 amazungulira mtengo mpaka chingwe kutsala mkono umodzi, madzi osawafikira, ndipo akalumpha mpanda nacho amatha kudzipachika. Chimenechi n'cha mphindi 15 kapena 20 patsiku, inu muli pompo, kumapeto kuli m'manja mwanu.
Mmene ndinkachitira ine: m'thumba ndimaika kapenta wouma wa ku Cahora Bassa uja. Ndimayamba pamalo opanda nkhuku, chingwe ndatulutsa mamita atatu okha, chinacho ndapinda m'dzanja, osakulunga padzanja. Ndimaitana dzina kamodzi. Akabwera, kapenta pompo, n'kumusiya apitenso kukanunkhiza, kuti asamaganize kuti kuitanidwa ndiye kutha kwa masewera. Akakana sindimukoka ngati thumba la chimanga, ndimaponda chingwe chisanakungike, ndimadikira atembenuke. Patapita masabata angapo ndi pamene ndinayamba kuyandikira khola la nkhuku, pang'onopang'ono. Kuno ku Moatize timachita zimenezi mbandakucha, chifukwa October akafika dothi limaotcha mapazi a galu. Inu a ku Angónia muli ndi mwayi, ngakhale madzulo zitheka.

aNambewe (Tsangano): Ndipo mamita 10 kwa woyamba ndi ambiri. Asanu akukwana. M'munda mwa chimanga kapena m'mizere ya mbatatesi musayese n'komwe, chimakodwa paliponse.

Aphunzitsi aBanda (Furancungo): Funso lina lapambali: katemera wa chiwewe anabayitsa? Amayenera kuyamba ali ndi miyezi itatu. Ngati ndalama ili yosankha pakati pa ziwirizi, yambani mwaonana ndi alangizi a ziweto.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Anabayitsa aphunzitsi, kakhadi kalipo. Ndamufunsa mnyamata uja ngati ali ndi cha mamita asanu, akuti ayi, koma atha kutsitsako pang'ono. Ndikuganiza zogula cha 10 chomwecho n'kuchidula pakati, theka linalo ndigulitse kwa wina amene angapeze ngowe yake. Alipo? Lamba wa pachifuwa ndikasoketsa monga anenera aNambewe. Mwina kumapeto a mwezi malipiro akalowa.

aPhiri a ku Domwe: Theka linalo mundipatse ndiyesere pa tonde wanga, ndione ngati angamve kusiyana.

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Tambala akunenedwayo anali wanga. Aneba, za kumapeto a mwezi ayi. Thadzi langa laswa dzulo, anapiye 9, ndipo Loweruka ndiwatulutsa m'chitete. Kapenta ndikupatsani ine.